Zaka 127 Pamsika wa Zitsulo: Kukwera ndi Kugwa kwa A. M. Castle

Pa 18 June 2017, maloya a kampani ya A. M. Castle & Co. adakatula zikalata kukhothi loona za makampani olephera kubweza ngongole m'chigawo cha Delaware ku America. Kampaniyo idali ndi zaka 127. Idadutsa m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, idapulumuka pa mavuto azachuma a m'ma 1930 amene adatseketsa mabanki zikwizikwi, ndipo mu 2008 idagulitsa katundu wa madola 1.5 biliyoni m'chaka chimodzi. Koma patsikuli idavomera pamaso pa woweruza kuti ngongole yaipitirira msinkhu.

Zitsulo zake zidali zabwino, ndipo opanga ndege ndi makina ankazifunabe. Chidaifikitsa kukhothi ndi njira imene idasankha pofuna kukula, makamaka m'mene idalipirira kukulako. Mbiri yake ndi yofunika kuimva bwino, chifukwa funso limene akuluakulu a Castle adakumana nalo limafika pakhomo pa wamalonda aliyense amene bizinesi yake yayamba kuyenda: kodi ndikule ndi ndalama za yani, ndipo nyengo ikasintha ndidzabweza ndi chiyani?

Ntchito ya munthu wapakati

Fakitale yosungunula zitsulo sigulitsa pang'onopang'ono. Ng'anjo ikayaka imatulutsa matani ambirimbiri a chitsulo cha mtundu umodzi, ndipo woika oda amadikira masabata, nthawi zina miyezi. Pomwe ogwiritsa ntchito chitsulocho ambiri ndi mafakitale ang'onoang'ono osema zipangizo za makina. Uyu akufuna zidutswa khumi, uyo makumi anayi, aliyense ndi muyeso wake, ndipo onse akuti zifike mawa. Pakati pa ng'anjo ndi anthu amenewa pamalowa wamalonda amene amapikula chochuluka, n'kusunga m'mashedi ake, n'kumadula malinga ndi muyeso wa kasitomala, kenako n'kukatula pakhomo.

Amene adaonapo wowotcherera wa ku Ndirande kapena ku Mchesi akugula ndodo ziwiri zachitsulo pa hadiweya n'kuzidulitsa pomwepo kuti anyamule bwino, wamvetsa kale theka la bizinesiyi. Theka linalo ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zimagona pansi. Kuti wamalonda wotere ayankhe kuti "chilipo" kwa aliyense woimba foni, ayenera kusunga mitundu zikwi zambiri ya zitsulo zimene adalipira kale, asakudziwa kuti chidzagulidwa liti ndi chiti.

Chicago wa 1890

Alfred M. Castle adayamba malondawa mumzinda wa Chicago mu 1890, ndipo sadalakwitse malo. Mzindawo udapsa koopsa mu 1871, koma udamangidwanso mwachangu, ndipo kalembera wa 1890 adapeza kuti muli anthu oposa miliyoni imodzi. Njanji zochokera kum'mawa ndi kumadzulo kwa dzikolo zinkakumana pamenepo. Mu 1885 mudatha kumangidwa Home Insurance Building, nyumba yosanja imene ambiri amati ndi yoyamba kuimikidwa pa mafelemu achitsulo m'malo modalira makoma okhuthala. Mu 1902 mudabadwa kampani ya International Harvester yopanga makina aulimi, ndipo mu 1906 kampani ya U.S. Steel idayamba kumanga chifakitale chachikulu ku Gary, kufupi ndi mzindawo. M'chigawo cha Illinois, momwe muli Chicago, mudalinso John Deere ku Moline, kenako Caterpillar ku Peoria. Kulikonse kumene kuli kampani yaikulu yopanga makina, kumamera timafakitale tambirimbiri toigulitsa zipangizo, ndipo tonseto timadya chitsulo tsiku ndi tsiku.

Castle sadapeze bwalo lopanda mwini. Kampani ya Joseph T. Ryerson idali ikugulitsa zitsulo mumzindamo kuyambira 1842. Komabe msika udali waukulu moti onse adapeza podyera. Pakupita kwa zaka, kampani ya Castle idatsegula nthambi m'mizinda ina ya America, pambuyo pake ku Canada ndi ku Mexico, ndipo likulu lake lidakhazikika ku Franklin Park, kunja pang'ono kwa Chicago. Banja la Simpson lidakhala ndi gawo lalikulu la masheya ake kwa mibadwo ingapo, zomwe zidapatsa kampaniyo mbiri ya bizinesi yodekha, yosathamangira zinthu.

Kusankha zitsulo zovuta

Chitsulo wamba, monga cha m'konkire kapena cha malata, aliyense wokhala ndi shedi ndi lole angagulitse. Ogulitsa akachuluka, makasitomala amangoyang'ana mtengo, ndipo phindu limaphwa. Castle idaona zimenezi ndipo idapendekera ku zitsulo zapadera, zimene sayansi ya m'zaka za m'ma 1900 idabweretsa motsatizana: chitsulo chosachita dzimbiri chimene Harry Brearley adapanga ku Sheffield mu 1913, aluminiyamu wolimba wopangira ndege, zitsulo zosakaniza ndi nikelo zopirira moto wa mu injini, komanso titaniyamu, amene adayamba kupezeka pamsika nkhondo yachiwiri itatha.

Kuti tione kusiyana kwake, titenge mpiringidzo umodzi wa chitsulo chotchedwa 4140. Poyang'ana ndi maso sichisiyana ndi chitsulo china chilichonse, koma mkati mwake muli kulomiyamu pafupifupi 1 peresenti, kaboni 0.4 peresenti ndi molibidinamu pang'ono. Tizigawo tochepati ndi timene timachititsa kuti shafiti kapena giya yopangidwa nacho isathyoke ikamapotedwa. Kumapeto kwa mpiringidzowo kumakhala nambala yosonyeza ng'anjo imene udatulukamo, ndipo nambalayo imagwirizana ndi satifiketi ya kufakitale yofotokoza zonse zimene zili mkati ndi mayeso amene chitsulocho chidadutsamo. Oda ikafika masana, wantchito amaunyamula ndi kireni n'kuugoneka pa macheka amagetsi. Lamba wa mano amalowa pang'onopang'ono, madzi oziziritsa akutsikira podulapo, mpaka chidutswa chitagwera pambali. Akadula zidutswa makumi awiri, chilichonse amachilemba nambala ija. Chidutswa chimene nambala yasowa, wopanga ndege kapena wokumba mafuta sangachilandire, ngakhale chitakhala chabwino chotani.

Apa ndi pamene padali mphamvu ya Castle. Kasitomala sankagula chitsulo chokha. Ankagulanso chitsimikizo chakuti chimene walandira ndi chimene adaitanitsa, ndipo pa chitsimikizocho ankalipira mowonjezera. Koma pomwepo padalinso msampha. Chitsulo wamba chikakanidwa ndi womanga nyumba, wopanga ngolo amachigula. Paipi yokhuthala yopangidwira chitsime cha mafuta chakuya ilibe kwina kopita. Okumba mafuta akasiya kugula, imangogona m'shedi.

M'mene ndalama imayendera

Pa dola iliyonse imene wamalonda wotere walandira, masenti 70 mpaka 75 amabwerera kumene adapikula chitsulo. Pa otsalawo alipire antchito, malole, magetsi, macheka ndi lendi. Chaka chikakhala chabwino amatsala ndi masenti ochepa chabe. Choncho chinsinsi chagona pa kuzunguza katundu mwachangu, kuti ndalama yomweyo ibale kangapo pachaka.

Mitengo ya zitsulo ikamakwera, bizinesiyi imakoma kwambiri, chifukwa katundu amene adagulidwa motsika dzana akugulitsidwa mokwera lero. Ikamatsika zimatembenuka: m'shedi mwadzaza katundu wodula amene msika ukumufuna motchipa. Komabe bizinesiyi ili ndi chishango chake. Malonda akachepa, mwini amasiya kuoda, amagulitsa zimene ali nazo, amatolera ngongole kwa makasitomala, ndipo ndalama imabwerera m'thumba nthawi imene ikufunikadi. N'chifukwa chake makampani ambiri ogawa zitsulo amapyola m'zaka zoipa osagwa. Koma chishangochi chimagwira ntchito pokhapokha katundu wa m'shediyo akugulika, ndiponso ngati palibe wokongoza amene akuyembekezera gawo lake lalikulu mwezi ukatha, kaya malonda ayenda kaya sadayende.

Kuthamangira ndege

Zaka zoyambirira za m'ma 2000 zidali zowawa kwa mafakitale a ku America, ndipo Castle idaluza ndalama. Kuchokera mu 2004 zinthu zidasintha. Dziko la China linkameza zitsulo zambiri, mitengo idakwera, ndipo phindu lidabwerera. Mu January 2006 Michael Goldberg adakhala mkulu wa kampaniyo, ndipo mfundo yake idali yomveka: m'malo molimbana ndi zimphona pa chitsulo cha aliyense, Castle ikhale katswiri wa misika yochepa koma yolipira bwino, makamaka ya ndege ndi ya mafuta, ndipo iwatsatire makasitomala ake kulikonse padziko.

Mu September 2006 idagula Transtar Metals, kampani ya ku Torrance m'chigawo cha California yogawa aluminiyamu wa ndege, pamtengo woposa madola 170 miliyoni. Transtar idabwera ndi nthambi ku Britain ndi ku France, kufupi ndi mafakitale ogwira ntchito za kampani yopanga ndege ya Airbus. Ndalama zogulira zidali zangongole, koma chaka chotsatira Castle idachita chanzeru: idagulitsa masheya atsopano pamtengo woposa madola 30 iliyonse, n'kubweza gawo lalikulu la ngongoleyo. Mu January 2008 idagulanso Metals UK Group ya ku Britain, ndipo idatsegula malo ku Shanghai. Malonda adakwera kufika madola 1.4 biliyoni mu 2007, ndipo m'zaka za 2006 ndi 2007 phindu linkaposa madola 50 miliyoni pachaka.

Msika wa ndege sudayende momwe ankayembekezera. Ndege yaikulu ya Airbus A380 idaperekedwa kwa wogula woyamba mu October 2007, itachedwa pafupifupi zaka ziwiri. Boeing 787, imene inkayenera kuyamba kunyamula anthu mu 2008, idauluka koyamba mu December 2009 ndipo wogula woyamba adailandira mu September 2011. Aluminiyamu amene mafakitale ndi ogawa adakonzeratu adaunjikana, mtengo wake n'kutsika. Kenako kudabwera chipwirikiti cha mabanki cha 2008. Malonda a Castle adagwa kuchoka pa madola 1.5 biliyoni mu 2008 kufika pa madola 813 miliyoni mu 2009, pafupifupi theka.

Komatu kampaniyo sidagwe. Idaluza, idachepetsa antchito, koma chishango chija chidagwira. Idachepetsa katundu m'mashedi, ndalama zidalowa, ngongole idatsika. Popeza ngongole ya Transtar idali itabwezedwa kwambiri ndi ndalama za eni masheya, padalibe wokongoza woikanikiza pakhosi. Phunziro lidali poyera: kugwa kwa theka la malonda kampani yogawa zitsulo ingakupirire, bola ikhale yopepukidwa.

Houston, December 2011

Nthawi imeneyo ku America kudabuka chipwirikiti china, cha mafuta. Njira zatsopano zoboola mwala chopingasa ndi kuuswa ndi madzi amphamvu zidatsegula zitsime zambirimbiri ku Texas ndi ku North Dakota. Mgolo wa mafuta osayenga unkagulidwa pa madola 100 kapena kuposerapo. Chitsime chilichonse chinkafuna mapaipi ndi zida za zitsulo zapadera, ndipo ogawa zitsulozo ankapha makwacha.

Mu December 2011 Castle idagula Tube Supply, kampani ya ku Houston yogawa mapaipi ndi mipiringidzo ya okumba mafuta, yomwe idalinso ndi malo ku Edmonton m'dziko la Canada. Mtengo umene adagwirizana udali madola 165 miliyoni. Ulendo uno ndalama sizidachokere kwa eni masheya. Kampaniyo idakongola madola 225 miliyoni pa chiwongola dzanja cha 12.75 peresenti, yobweza mu 2016, itapereka katundu wake ngati chikole. Idakongolanso madola 57.5 miliyoni pa 7 peresenti, yobweza mu 2017, ngongole imene okongozawo akadatha kuisintha kukhala masheya. Zina mwa ndalamazi zidatseka ngongole zakale.

Kwa wamalonda wa kuno, amene banki imamudula chiwongola dzanja choposa 20 peresenti, 12.75 angaoneke ngati mwayi. Koma ku America kwa nthawiyo banki yaikulu ya dzikolo idali itatsitsa chiwongola dzanja chake kufika pafupifupi pa ziro, ndipo boma linkakongola kwa zaka khumi pa 2 peresenti yokha. Kudulidwa 12.75 kudali ngati kuuzidwa ndi okongozawo kuti akuona ngozi yaikulu. Tikawerengera, ngongole ziwirizi zinkafuna madola pafupifupi 33 miliyoni chaka chilichonse pa chiwongola dzanja chokha. Kampani imene m'zaka zake zokoma kwambiri inkatsala ndi madola 50 miliyoni ndi kanthu idadzimangirira katundu amene sachepa malonda akachepa.

Tisawayese opusa akuluakulu amene adasaina mapepalawo. Castle idali yaing'ono pakati pa zimphona, ndipo wamng'ono amapikula modula, amakongolanso modula. Kukhala chete kudalinso ndi ngozi yake. Tube Supply inkapanga phindu labwino, ndipo mu 2012 malonda a Castle adakwera kufika pafupifupi madola 1.3 biliyoni. Akuluakulu amati wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo wogulitsa kwa okumba mafuta amadziwa kuti mitengo imakwera ndi kutsika. Cholakwika sichidali kulowa mumsikawo. Chidali kulowamo ndi ndalama zimene tsiku lake lobweza lidali lokhomedwa, pomwe tsiku la phindu lidali m'manja mwa ena.

Mtengo wa mafuta utagwa

Mavuto adayamba mafuta asadagwe. Goldberg adachoka mu 2012, ndipo m'malo mwake mudalowa Scott Dolan, amene adachokera kukampani ya ndege ya United. Pofuna kupeza ndalama zolipirira ngongole, kampaniyo idayamba kutseka nthambi zina ndi kusonkhanitsa katundu m'malo ochepa. Papepala zimenezi zimachepetsa zowononga. Koma pa bizinesi imene chogulitsa chake chenicheni ndi mawu oti "mawa m'mawa chifika", kutalikitsa chitsulo ndi kasitomala kumatsegulira khomo opikisana nawo. Malonda adatsika kufika pa madola 1.05 biliyoni mu 2013, ndipo mu 2014 adalephera kukwana biliyoni imodzi.

Kenako kudagwa chimene aliyense ankachiopa. Mu June 2014 mgolo wa mafuta osayenga a mtundu wa Brent udali pamwamba pa madola 110. Mafuta adachuluka pamsika, ndipo pa 27 November chaka chomwecho mayiko ogulitsa mafuta a m'bungwe la OPEC, pamsonkhano wawo ku Vienna, adakana kuchepetsa mafuta amene ankapopa. Pofika January 2016 mgolo udali pansi pa madola 30. Malinga ndi chiwerengero cha kampani ya Baker Hughes, makina oboola zitsime za mafuta amene ankagwira ntchito ku America adatsika kuchoka pa 1,609 mu October 2014 kufika pa 316 mu May 2016. Pa makina asanu alionse, anayi adaima.

Apa chishango chija chidakanika. Mapaipi a ku Houston adalibe wogula wina, choncho sadasanduke ndalama. Chiwongola dzanja chinkafikabe pa nthawi yake. Castle idaluza madola oposa 100 miliyoni mu 2014 ndi oposa 200 miliyoni mu 2015, gawo lalikulu chifukwa chovomereza m'mabuku kuti katundu ndi makampani amene idagula salinso ndi mtengo umene idalipira.

Mu April 2015 bodi idaitana Steven Scheinkman, yemwe kale adali mkulu wa Transtar, kuti apulumutse chimene chikadapulumuka. Adatseka nthambi zinanso, kuphatikizapo malo akuluakulu a ku Franklin Park, ndipo adabwezera mphamvu kwa mamanejala a nthambi kuti azisankha okha zosunga ndi mitengo. Mu 2016 kudali kugulitsa katundu wa m'nyumba. Mu February zitsulo za okumba mafuta zidagulitsidwa kwa kampani ya Triple-S pamtengo wosakwana madola 30 miliyoni, ndipo malo a ku Houston ndi Edmonton adatsekedwa, patangotha zaka zinayi chigulireni Tube Supply. Mu March idagulitsa Total Plastics, kampani ya mapulasitiki ya ku Kalamazoo imene idali nayo kuyambira 1996, pa madola 55 miliyoni. Idagulitsanso theka limene idali nalo m'kampani ya Kreher Steel. Chomvetsa chisoni n'chakuti zina mwa zimene zidagulitsidwazi ndi zimene zinkabweretsa ndalama modekha, zosadalira mafuta kapena ndege.

Malonda a 2016 adangopitirira pang'ono madola 500 miliyoni. Sheya imene idagulidwa pa madola oposa 30 mu 2007 idatsika pansi pa dola imodzi, ndipo kumapeto kwa chakacho Castle idachoka pamsika wa masheya wa New York. Patatha miyezi isanu ndi umodzi idalowa kukhothi.

Mnzake amene adagulanso ku Houston

Wina anganene kuti zonsezi lidali tsoka chabe, kuti mtengo wa mafuta ukadagwetsa aliyense. Koma pali kampani ina imene idachita zofanana, m'chaka chomwecho ndi mumzinda womwewo, ndipo sidagwe.

Reliance Steel & Aluminum idayambika ku Los Angeles mu 1939 pansi pa Thomas Neilan, ikukonza zitsulo za m'konkire. Idalowa pamsika wa masheya wa New York mu 1994, ndipo kuchokera pamenepo yagula makampani oposa 70. Mu 2006 idagula kampani ya Earle M. Jorgensen, mdani weniweni wa Castle pa mipiringidzo ndi mapaipi, ndipo gawo la mtengowo idalipira ndi masheya ake. Mu 2008 idagula PNA Group pa madola oposa biliyoni imodzi, ndipo idagulitsa masheya atsopano kuti ngongole isachuluke. Mu August 2011, miyezi inayi Castle isadagule Tube Supply, Reliance idagula Continental Alloys & Services, kampani ya ku Houston yogulitsa zitsulo kwa okumba mafuta.

Mafuta atagwa, Reliance nayo idapwetekedwa, ndipo idachotsa mamiliyoni ambiri m'mabuku ake pa makampani ake a zamafuta. Malonda ake adatsika kuchoka pa madola 10.45 biliyoni mu 2014 kufika pa 8.6 biliyoni mu 2016. Komabe mu 2015 ndi mu 2016 idapeza phindu loposa madola 300 miliyoni chaka chilichonse, ndipo sidasiye kugawira eni masheya. Ngakhale mu 2009, malonda atagwa kuchoka pa madola 8.7 biliyoni kufika pa 5.3 biliyoni, idatseka chaka ndi phindu.

Kusiyana kwake kudali patatu. Choyamba, zamafuta zidali kagawo kochepa ka malonda a Reliance. Inkagulitsanso kwa omanga, opanga galimoto, opanga ndege, opanga makina a zamagetsi ndi ena ambiri, ndipo misika imeneyi siidwala tsiku limodzi. Lero ili ndi makasitomala oposa 125,000, oda yake wamba ndi ya madola zikwi zochepa, ndipo pafupifupi 40 peresenti ya maoda imafika kwa wogula pasadathe maola 24. Chachiwiri, ikagula kampani imasiya dzina lake ndi oyendetsa ake, kotero kasitomala amaimbirabe foni munthu yemwe uja amene amamudziwa. Chachitatu, ndipo chachikulu, ndi mtengo wa ndalama. Mu 2013, pogula Metals USA, Reliance idakongola madola 500 miliyoni kwa zaka khumi pa 4.5 peresenti. Castle inkalipira pafupifupi katatu kuposa pamenepo, pa ngongole ya zaka zisanu zokha.

N'zoona kuti Reliance idali yaikulu kale, ndipo wamkulu amakongola motchipa. Koma ukulu umenewo udamangidwa m'zaka zambiri, pogula makampani amene inkatha kuwanyamula ndi pobweza ngongole msanga nthawi iliyonse ikagula chachikulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu 2022 malonda ake adafika madola 17 biliyoni ndi phindu la madola 1.84 biliyoni, ndipo mu 2024 idafupikitsa dzina lake kukhala Reliance, Inc.

Pambuyo pa khothi

Lamulo la ku America lotchedwa Chapter 11 limalola kampani kupitiriza malonda pamene ikukonza ngongole zake moyang'aniridwa ndi khothi. Castle idalowa itagwirizana kale ndi okongoza ake akuluakulu, choncho mlandu sudachedwe. Pa 31 August 2017 idatuluka. Macheka sadaime, ndipo makasitomala adalandirabe katundu wawo. Chimene chidasintha ndi umwini. Okongoza aja ndiwo adatenga gawo lalikulu, ndipo eni masheya akale adatsala ndi kochepa. Mu 2020 ngongole ina idasinthidwanso kukhala masheya, ndipo mu 2023 kampaniyo idagulidwa ndi MiddleGround Capital ya ku Kentucky. Dzina la Castle Metals likadalipo pamsika, koma kampaniyo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya 2008, ndipo amene adalipira kwambiri ndi antchito a nthambi zimene zidatsekedwa, anthu amene sadasaine nawo ngongole iliyonse.

Nkhaniyi ikutikhudza kuposa momwe ingaonekere. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli mchenga wa rutile. Chitsulo cha nikelo chotchedwa Inconel 718, chimene chimalowa mu injini za ndege ndi m'zida za m'zitsime za mafuta, chimakhala ndi niobium pafupifupi 5 peresenti. Rutile wambiri amapita ku utoto, koma wina amasanduka titaniyamu wa ndege. Migodi imeneyi ikadzayamba kutulutsa, gawo la mtengo wa zimene zili pansi pa nthaka yathu lidzadalira misika yomweyo imene idakweza Castle n'kuigwetsa. Amene adzakonze bajeti ya dziko kapena kukongola podalira ndalama za migodiyo ayenera kudziwa kuti msika wa zitsulo zapadera umatha kugwa ndi theka m'chaka chimodzi.

Ndipo kwa wamalonda aliyense amene akuganiza zotsegula nthambi yachiwiri kapena kugula bizinesi ya mnzake, mbiri ya Castle ikupereka muyeso wosavuta kuugwiritsa ntchito. Kampani yomweyo idagula zazikulu kawiri, ndipo kawiri konse msika udaitembenukira. Ulendo woyamba idali itabweza ngongole ndi ndalama za eni ake, ndipo idapulumuka malonda atagwa ndi theka. Ulendo wachiwiri idalowa m'nyengo yoipa itasenza chiwongola dzanja cha madola 33 miliyoni pachaka, ndipo eni ake adataya kampani. Choncho musadasaine, musawerengere phindu la chaka chabwino. Tengani malonda a chaka chino, muwadule pakati, muchotsepo kasitomala wanu wamkulu, kenako muone ngati zotsalazo zikukwana kulipira banki mwezi ndi mwezi. Ngati sizikukwana, dikirani, kapena funani woika nanu mpamba amene adzagawane nanu phindu ndi kuluza komwe.